Chiwongolero ndi mapedulo a magemu oyendetsa galimoto: mugule chiti, ndipo muchiyese bwanji musanalipire

Funso: Ndili ndi kashopu ka magemu ku Chibavi muno mu Mzuzu, muli PS4 ziwiri ndi kompyuta imodzi. Anyamata amakonda Gran Turismo ndi Euro Truck Simulator 2, ndiye ndikufuna kuwaikira chiwongolero ndi mapedulo. Wina akugulitsa PXN V9 yatsopano motchipa, wina ali ndi Logitech G29 yogwirapo kale ntchito yochokera ku Johannesburg, pomwe pa YouTube aliyense akungotama direct drive. Ndigule chiti? Nanga munthu angaphunzirepo kuyendetsa galimoto yeniyeni?

Yankho: Achimwene, pa zitatu mwatchulazi tengani G29, bola muyambe mwaiyesa bwinobwino monga ndifotokozere kutsogoloku. Ndalama yotsalayo musaisungire chiwongolero champhamvu cha m'tsogolo ayi. Ipite ku chimango chomangirapo chiwongolerocho, mpando, ndi zotetezera ku magetsi, chifukwa zinthu zitatuzi ndi zimene zidzachititse kuti katunduyu akhalitse komanso kuti anyamata azibwerabwera.

Chiwongolero chenicheni cha magemu chimasiyana ndi chidole pa chinthu chimodzi, force feedback. Mkati mwake muli mota, ndipo gemu imakhala ikuuza motayo mphamvu imene matayala akutsogolo akukumana nayo pamsewu. Mukalowa pakona chiwongolero chimalemera. Matayala akutsogolo akayamba kuterereka chimapepuka mwadzidzidzi. Kumbuyo kwa galimoto kukathawa, chimadzipota chokha kulowera mbali imene muyenera kubwezera. Pagalimoto yeniyeni zambiri mwa zimenezi mumazimvera m'chiuno ndi kumsana, koma mpando wa pagemu sukuuzani kanthu, ndiye manja okha ndi amene amatsala kuti amve msewu. PXN V9 ilibe mota wotereyu. Ili ndi timamota tonjenjemeretsa ngati ta mu controller, ndipo chimene chimabwezera chiwongolero pakati sichidziwa kuti galimoto ili pakona, pamatope kapena yaima. Pakatoni amalemba vibration feedback, ndipo anthu ambiri amapusitsika ndi mawu amenewa. Pa PS4 pali vuto linanso: V9 imafuna kuti mulumikizeko controller yeniyeni ndi chingwe, choncho gemu imaona ngati mukusewera ndi controller basi, ndipo imakonza kakhotedwe kanu monga imachitira ndi munthu woseweretsa chala. PXN V3 ndi Thrustmaster T80 nazonso zilibe force feedback. V3 imangopota madigiri 180, theka chabe la kuzungulira kumodzi.

Nkhani ya madigiri musaipeputse, makamaka poti anyamata anu amakonda mathiraki. Madigiri 900 ndi kuzungulira kawiri ndi theka kuchokera kumapeto a kumanzere kufika kumapeto a kumanja, pafupifupi ngati galimoto yaing'ono yapamsewu. G29 imafika 900, Thrustmaster T150 ndi T300 RS zimafika 1080. Galimoto za Formula 1 zimangofuna pafupifupi 360, za rally pafupifupi 540, ndipo magemu ambiri amachepetsa okha malingana ndi galimoto imene mwasankha. Chiwongolero cha 900 chitha kukhala cha 360, koma cha 180 kapena 270 sichingatalike, ndipo kubweza thiraki ya ngolo chammbuyo ndi chiwongolero chotero n'kovuta kwambiri, chifukwa mukangogwedeza dzanja pang'ono matayala akhota kale kwambiri.

Pakati pa ziwongolero za force feedback, kusiyana kuli pa mmene mota amafikitsira mphamvu yake m'manja. G29, G920 ndi G923 zili ndi mamota awiri aang'ono amene amapota chiwongolero kudzera m'magiya a pulasitiki. Mphamvu yake ndi yopitirira pang'ono 2 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yopotera). Magiyawo amachita phokoso mukadutsa pamabampu, ndipo pakatikati penipeni pamakhala kampata kakang'ono pomwe simumva kanthu, chifukwa mano a magiya sagwirana ndithi. T300 RS imagwiritsa ntchito malamba, ndipo imafika pafupifupi 4 Nm mosalala komanso mwakachetechete. T150 ndi T248 zimaphatikiza lamba ndi magiya. Pa direct drive palibe giya kapena lamba: chiwongolero chimamangidwa pa shafuti ya mota wamkulu, choncho chilichonse chimene gemu yatumiza chimafika msanga osasowa panjira. Moza R3 ili ndi 3.9 Nm, R5 ili ndi 5.5, Fanatec CSL DD ili ndi 5 ndipo imakwera kufika 8 mukagula adaputala yake yaikulu, Logitech G Pro ili ndi 11, pomwe Simucube 2 Pro imafika 25.

Kuti manambalawa amveke, tengani chiwongolero chotambalala masentimita 28, kutanthauza kuti dzanja lili masentimita 14 kuchokera pakati. Pamenepo 1 Nm imakoka dzanja ngati katundu wa magalamu 700. G29 ndiye kuti ikukoka ngati kilogalamu imodzi ndi theka, ya 8 Nm ngati makilogalamu pafupifupi 6, ya 25 Nm ngati makilogalamu 18, ndipo imatero mwadzidzidzi galimoto ikagunda chipupa. M'shopu molowa ana a zaka 10 kapena 12 amene amapisa zala zazikulu mkati mwa chiwongolero, mphamvu yotereyi imabinya munthu. Direct drive ndi yabwino ndithu, otama aja sakunama. Koma ubwino wake umaoneka kwa munthu mmodzi amene wakhala akuyendetsa kwa miyezi, ali ndi chimango cholimba, ndipo akusaka kachigawo ka sekondi pa kuzungulira kulikonse. Kwa inu ikubweretserani mavuto atatu: mtengo wake ndi wokwera musanawerengere zonyamula ndi msonkho wa MRA, ikafa bolodi la mkati palibe pothamangira pafupi, ndipo zambiri mwa zotchipirapo sizigwira n'komwe pa PlayStation.

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira kwambiri, choncho werengani mofatsa. Pakompyuta ya Windows pafupifupi chiwongolero chilichonse chimagwira. Pa PlayStation ndi Xbox chimayenera kukhala ndi chilolezo cha makina amenewo, chomwe chimakhala mu kachipangizo ka mkati, ndipo simungachiwonjezere ndi pulogalamu. G29 ndi ya PS3, PS4, PS5 ndi kompyuta. G920 imaoneka ngati mapasa ndi G29 koma ndi ya Xbox ndi kompyuta, pa PS4 yanu siidzagwira. Kuzisiyanitsa n'kosavuta: G29 ili ndi mabatani a zizindikiro za makona atatu, bwalo, mtanda ndi bokosi, kagudumu kofiira kumanja ndi timagetsi pamwamba, pomwe G920 ili ndi A, B, X, Y. G923 ilipo mitundu iwiri, ya PlayStation ndi ya Xbox. T150 ndi T300 RS ndi za PlayStation, TMX ndi TX ndi za Xbox. Moza R5 ndi ya kompyuta yokha, R3 ilipo ya Xbox ndi kompyuta. Kwa Fanatec, ya PlayStation ndi Gran Turismo DD Pro, osati CSL DD wamba. G27 yakale ija, imene inkabwera ndi giya yake m'katoni momwemo, imagwira pakompyuta ndi PS3 koma osati PS4. Poti inu muli ndi PS4 ndi kompyuta, G29 imodzi itha kumasinthanitsidwa konseko.

Kumbali ya magemuwo, Euro Truck Simulator 2 muziiseweretsa pakompyuta. Gran Turismo 7 imafuna intaneti pa mbali zake zambiri, ndipo ikasowa mumangotsala ndi mipikisano yochepa. Gran Turismo Sport anatseka mbali yake ya pa intaneti mu Januwale 2024 koma yotsalayo imaseweredwa popanda intaneti, zomwe n'zothandiza pashopu yodalira bandulo. Assetto Corsa ndi DiRT Rally 2.0 zilipo pa PS4 ndi pakompyuta, ndipo zonse ziwiri zimamveka bwino kwambiri pachiwongolero.

Tsopano mapedulo, amene anthu amawaona ngati chowonjezera chabe pomwe ndi amene amasiyanitsa woyendetsa bwino ndi wongothamanga. Nthawi yambiri pampikisano imatayika kapena kupezeka pabuleki. Pali njira zitatu zimene pedulo imadziwira kuti mwaponda motani. Yoyamba ndi potentiometer, kachipangizo kofanana ndi kokwezera mawu pawailesi yakale: kali ndi kanjira ka kaboni ndi kalilime kachitsulo kamene kamakwechesa panjirapo. Mapedulo a G29 ndi a mtundu umenewu. Chifukwa pali kukhudzana, kanjirako kamatha, ndipo fumbi ndi chinyezi zikalowa kamayamba kunama. Yachiwiri ndi Hall sensor, imene imayeza maginito popanda kukhudzana, choncho palibe chimene chimatha. Mapedulo a T3PM obwera ndi T248 ndi a Moza SR-P Lite ali m'gulu limeneli. Njira ziwirizi zimayeza mtunda umene pedulo yayenda. Yachitatu, load cell, imayeza mphamvu ya phazi, ndipo ndi kachipangizo komweko kamene kali m'sikelo za manambala zoyezera nyama kapena chimanga. Mwendo wa munthu umakumbukira bwino mphamvu imene unakankha kusiyana ndi masentimita amene unayenda, n'chifukwa chake woyendetsa ndi load cell amaponda buleki mofanana pakona imodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo amatha kuimasula pang'onopang'ono akulowa pakona osatseka matayala. Thrustmaster T-LCM, mwachitsanzo, ili ndi load cell yofika makilogalamu 100.

Munthu wosewera yekha kunyumba amene ali kale ndi G29 atandifunsa kuti asinthe chiyani choyamba, ndingamuuze kuti mapedulo a load cell, chiwongolero pambuyo. Koma pali msampha. Pakompyuta mapedulo okhala ndi USB yawoyawo amagwira limodzi ndi chiwongolero cha kampani ina iliyonse. Pa PlayStation sizitero: mapedulo ayenera kudzera m'chiwongolero, ndipo mapulagi ndi osiyana. A Logitech ali ndi pulagi ya mapini 9, a Thrustmaster ali ndi kapulagi kofanana ndi ka lamya yapansi. T-LCM pa PS4 imafuna chiwongolero cha Thrustmaster. Komanso load cell yoikidwa pansi chabe ndi yopanda ntchito, chifukwa mukakankha makilogalamu 30 mapedulo amathawa kapena mpando umabwerera m'mbuyo. Pashopu panu mapedulo atatu a G29 ndi okwanira. Ndi achitsulo, ali ndi kilatchi, ndipo amakonzeka. Ziwongolero zina zimabwera ndi mapedulo awiri okha, T150 wamba ndi Moza R3 ndi R5 zogulitsidwa pamodzi ndi mapedulo ake mwachitsanzo, ndiye wofuna kilatchi amayenera kuigula padera.

Buleki ya G29 ili ndi kalabala mkati mwa sipuling'i kamene kamailimbitsa kumapeto, ndipo ambiri amadandaula kuti safika pa 100 peresenti. Ena amatsegula n'kukachotsa. Musatero. Kulimba kumeneko ndiko kumapatsa phazi poyezera. Mapedulo akamangidwa zolimba vutoli limachepa lokha, ndipo ngati ana akulepherabe, chepetsani mugemu malo amene buleki imawerengedwa kuti yafika kumapeto.

Poyesa G29 ya munthu uja, musalipire musanaione ikuyenda pamakina, ndipo ndi bwino mupite ndi laputopu yoika kale Logitech G HUB, pulogalamu ya ziwongolero za Logitech. Imangirireni pathebulo, lumikizani mapedulo ndi adaputala, USB ikhale yomaliza, manja ndi mapazi kutali. Chiwongolero chiyenera kudzipota chokha mpaka kumapeto a mbali imodzi, kenako mbali inayo, n'kubwerera pakati, kachizindikiro kabuluu kali pamwamba penipeni. Chikamenya kumapeto mwamphamvu n'kuima chopendekeka, kapena chikaima panjira timagetsi tikuphethira, ndiye kuti chimene chimawerenga kazunguliridwe chili ndi vuto, kapena adaputala ikupereka moto wochepa. Bwerezani kuzula ndi kubwezera USB kangapo, chifukwa vuto lotere nthawi zina limabisala ulendo woyamba. Ngati pamwamba pali kaswitchi ka PS3 ndi PS4, kaikeni pa PS4, ndipo kakhale pomwepo ngakhale pakompyuta ya G HUB.

Kenako dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani joy.cpl, tsegulani properties. Pondani pedulo iliyonse pang'onopang'ono ndi dzanja uku mukuyang'ana mzere wake, apa kapena mu G HUB. Uyenera kukwera mosalala, kufika kumapeto, n'kubwerera pa ziro mukasiya. Ukamadumphadumpha, kapena ukamanjenjemera musanakhudze kanthu, potentiometer yada kapena yatha. Ili si vuto lothawira, koma ndi chifukwa chabwino chotsitsira mtengo. Dinani batani lililonse, kokani timapiko tiwiri tosinthira magiya kuseri kwa chiwongolero, lililonse lilire kamodzi ndi kuwerengedwa kamodzi. Gwedezani chingwe cha mapedulo pomwe chimatulukira ndi pomwe chimalowera uku mukuyang'ana mizere ija, chifukwa waya woduka mkati ndi vuto lofala kwambiri pa ziwongolero zimene zakhala zikukokedwakokedwa. Onani zomangira ziwiri za pathebulo, ndi zapulasitiki ndipo zimang'aluka anthu akamanga mopitirira. Mukazimitsa, potani chiwongolero ndi dzanja mbali zonse: kulira kwa magiya kofanana njira yonse n'kwabwinobwino, koma pakakhala malo amodzi pomwe chimakodwa kapena kudumpha, dzino la giya lathyoka. Pomaliza sewerani kwa mphindi 20 kapena 30, chifukwa mota wotopa amaonekera akatentha, mphamvu imachepa kapena pamamveka fungo la kupsa.

Adaputala yake muiwerenge. Ya G29 imatulutsa mavolti 24 ndi maampu 1.75, amene ndi mawati 42. Katundu wogulidwa kwa munthu nthawi zambiri amabwera ndi adaputala ya laputopu ya mavolti 19 imene yangokwanira pabowo. Chiwongolero chitha kuyaka nayo koma chimakhala chofooka ndipo chimalephera kudziyeza poyamba paja. Ngati yeniyeni inasowa, funani ya mavolti 24 enieni, maampu 1.75 kapena kupitirira pang'ono, ndipo kachithunzi kosonyeza mbali ya plus ndi minus kafanane ndi ka pachiwongolero kapena pa adaputala yeniyeni. Magetsi athu ndi a mavolti 230. Chilichonse chochokera ku America muyambe mwaona ngati palembedwa 100–240V. Izi n'zofunika kwambiri pa T300 RS, imene chosinthira magetsi chake chili mkati, ndipo zina zinapangidwira mavolti 110 okha: mukailowetsa pasoketi yathu imapsa nthawi yomweyo. Katundu wa ku South Africa mavolti ake ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndi imene imasiyana. Musaikakamize pasoketi ndi kamtengo, ikani pulagi yathu ya mapini atatu yokhala ndi fyuzi yaing'ono ya maampu 3 kapena 5.

Chimene chimapha zipangizozi si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake, komanso ziphaliwali za nyengo ya mvula. Ikani chotetezera chonga cha firiji, chija chimadikira mphindi zingapo magetsi akabwera chisanalole moto kudutsa. PS4, TV ya LED ndi G29 pamodzi sizipitirira mawati 250 kawirikawiri, choncho UPS, kabokosi ka batire kosunga moto magetsi akazima, ya 650 VA imakupatsani mpata wozimitsa bwinobwino, koma kompyuta yamagemu imafuna yokulirapo. Ngati mumagwiritsa ntchito sola ndi batire, inveta ikhale ya pure sine wave. Ndipo firmware, pulogalamu ya mkati mwa chiwongolero chilichonse, musaisinthe magetsi akukayikitsa. Chitani ndi laputopu yodzaza batire, chiwongolero chili pa UPS, chifukwa ntchitoyo ikadukira pakati chiwongolero chimatha kukana kuyakanso. USB yake ilowe molunjika m'makina, osati kudzera pa hub yotchipa.

Potentiometer ikayamba kuvuta mudzaona magetsi a buleki akuphethira okha mugemu, kapena galimoto ikulephera kufika liwiro lake chifukwa pedulo ya moto ikuthera pa 90 peresenti. Kuno chinyezi cha miyezi yamvula ndi yozizira, kuphatikiza dothi la kunsapato, zimafulumizitsa vutoli. Kukonza kwake: zulani chingwe, masulani nkhope za mapedulo ndi Allen key ya mamilimita 2.5, tembenuzani, masulani masikuluwu onse apansi. Awiri amabisala pansi pa kachingwe ka mano kogwirira kalipeti, ndipo mukawaiwala n'kukoka mwamphamvu muthyola pulasitiki. Tsegulani pang'onopang'ono poti mawaya a mkati ndi aafupi, ndipo jambulani ndi foni musanazule chilichonse. Poperani contact cleaner pa kabowo ka potentiometer iliyonse, pondani pedulo ka 20 kapena 30, siyani ziume, kenako tsekani. Musathiremo oyilo kapena WD-40 wamba, zimasiya mafuta amene amakola fumbi lina. Pongoyembekezera, deadzone, kagawo ka pedulo kamene gemu siikawerengera, ya 3 mpaka 5 peresenti mugemu imabisa vutolo. Potentiometer ikatheratu imasinthidwa, ndipo pali timakiti ta Hall sensor topangidwira mapedulo amenewa. Wokonza mawailesi aliyense wodziwa kugwira soldering iron angathe ntchitoyi. Ichi ndiye chifukwa changa chachikulu chokusankhirani G29: ili pamsika kuyambira 2015, mkati mwake munatengera kwambiri G27 ndi G25, zipangizo zake n'zambiri, ndipo ina yakufa imapereka masipeya ku inzake. T300 RS imamveka bwino m'manja kuposa G29, sindingabise, koma imadalira kafani kake, ndipo ikagwira ntchito tsiku lonse m'chipinda cha malata mwezi wa Okutobala imachepetsa mphamvu yokha kuti isapse.

Chimango musaitanitse kunja, kulemera kwake kokha kudya ndalama zonse. Owotcherera a ku Luwinga kapena Chibavi komweko angakupangireni mutawapatsa miyezo. Gwiritsani ntchito square tube ya mamilimita 40 mbali zonse, yochindikala mamilimita 2. Ya 25 ndi yotchipa koma imagwedera. Pansi pakhale zitsulo ziwiri zotalika masentimita 130 mpaka 140, zotalikirana masentimita 50 mpaka 55, zolumikizidwa ndi zopingasa. Thebulo la chiwongolero liimikidwe pa mizati iwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, uliwonse ndi chochirikiza chopendekeka. Mzati umodzi wa pakati pa miyendo umatchinga phazi likamachoka pa moto kupita pa buleki, ndiponso umagwedezeka, ndiye mphamvu ya mota imathera kugwedeza chitsulo m'malo mofika m'manja. Pansi pa G29 ndi pansi pa mapedulo ake pali mabowo a mabawuti a M6. Lembani malo a mabowowo pakatoni, owotcherera aboole potengera katoniyo, chiwongolero chenichenicho chisafike pafupi ndi moto wawo. Bawuti isalowe mkati mopitirira sentimita imodzi, ikatalika imakaboola za mkati. Pakani penti ya red oxide musanapake ya mtundu, apo ayi dzimbiri liyamba mvula yoyamba. Matabwa a paini a ku Chikangawa a 2 by 4 nawonso amagwira ntchito, bola akhale ouma ndipo mulumikize ndi mabawuti, chifukwa misomali imakhwefuka ndi kugwedezeka.

Mpando pezani wa galimoto yakufa kwa amakaniko, ndipo mutenge ndi njanji zake zosunthira, kuti wamtali ndi wamfupi onse azikwanapo. Poyeza, mukhale pampando msana utatsamira: mukatambasula dzanja, polumikizira dzanja ndi mkono pafike pamwamba pa chiwongolero phewa lisanachoke pampando. Mukaponda buleki mpaka kumapeto bondo likhalebe lopindika pang'ono. Mapedulo apendekeke madigiri 10 mpaka 20, ngati mpando uli wotsika. TV ikhale pafupi kuseri kwa chiwongolero, pakati pake molingana ndi maso, ndipo muyatse Game Mode, chifukwa popanda iyo chithunzi chimachedwa ndipo woyendetsa amangokhotakhota panjira yowongoka akuganiza kuti chiwongolero n'chowonongeka. Mawaya onse adutse m'timipata tawo pansi pa chiwongolero, amangidwe kuchimango ndi cable tie, osapanikizika ndi njanji za mpando.

Pokonza mphamvu mugemu, kukweza zonse pa 100 n'kulakwitsa. Mota ali ndi malire ake, ndipo gemu ikamapempha zoposa malirewo kona iliyonse imamveka yolemera mofanana, kusiyana konse kumene mumafuna kumva kumafufutika. Kumeneko ndiye clipping. Mu G HUB ikani madigiri 900, sensitivity pa 50, centering spring yozimitsa. Mu Assetto Corsa ya pakompyuta yatsani kabokosi kosonyeza mapedulo, kali ndi mzere wa force feedback umene umafiira mphamvu ikasefukira. Tsitsani gain, kukula kwa mphamvu ya force feedback, mpaka mzerewo uzingofiira pamabampu aakulu okha, ndipo minimum force ya 8 mpaka 12 peresenti imatseka kampata ka pakati kaja. Mu Gran Turismo 7 yambani ndi max torque ya 4 kapena 5. Kutsitsaku kumatalikitsanso moyo wa magiya apulasitiki.

Giya ya pamanja ya Logitech imagulidwa padera, ili ndi magiya 6, ndipo rivesi imalowa mukakanikiza ndodo pansi. Mkati mwake si molimba ngati mwa mapedulo, ndipo anyamata akatengeka amaimenya ngati ya minibasi. Ikhale yomasula, muziimanga kwa amene akuifunadi. Pa Euro Truck Simulator 2 thiraki ya magiya 12 imatheka nayo mukapatsa batani limodzi la pachiwongolero ntchito ya range kapena splitter, yomwe imachititsa kuti malo aliwonse a ndodo akhale ndi magiya awiri.

Za kuphunzira galimoto yeniyeni, imathandiza koma pang'ono. Munthu amazolowera kupota chiwongolero ndi manja awiri n'kuchibweza, kudziwa phazi liti lipita pati osayang'ana pansi, kutsata dongosolo la kilatchi, giya, moto, kuyang'ana magalasi, komanso mmene ngolo imakhotera pobwerera chammbuyo. Chimene singaphunzitse ndi pogwirira kilatchi. Pagalimoto mumamva injini ikulemedwa ndi thupi la galimoto likunjenjemera, pomwe kilatchi ya G29 ndi sipuling'i yofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kunyamuka pachitunda ngati cha Chiweta thiraki ili kumbuyo kwanu, kapena kuweruza mpata pakati pa akabaza pa Katoto, zimafuna galimoto yeniyeni ndi mphunzitsi pambali, ndipo laisensi imachokerabe ku Road Traffic kudzera kusukulu yoyendetsa galimoto. Magemu a mpikisano amazolowetsanso kuponda buleki ndi phazi lamanzere, chizolowezi choopsa kwa wophunzira wa galimoto ya kilatchi. Amene akufuna kuyeserera asanakayambe sukulu mumuikire City Car Driving pakompyuta, musankhe galimoto ya chiwongolero cha kumanja ndi kuyenda kumanzere kwa msewu monga kwathu kuno, muyatse kilatchi ndi magiya a pamanja, ndipo pachimango pakhale pomangira giya kudzanja lamanzere.